Chitoliro cha ku Joni, khutu la ku Chileka: mbiri ya malemu a Daniel ndi a Donald Kachamba

Lero miyambi ipume kaye kuti tiyankhe funso limene limabuka nthawi zonse tikamakamba za chikhalidwe. Kodi nyimbo ya gitala ingatchedwe ya makolo? Ambiri sachedwa kuyankha kuti ayi. Iwo amati zathu ndi ng'oma, bangwe, kaligo, mangolongondo ndi ulimba, pomwe gitala ndi banjo n'za alendo. Yankho lotere n'losavuta kulilemba pa bolodi, mizere iwiri, uku za makolo uku za chizungu. Koma munthu akatchera khutu pa nyimbo za malemu a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo a Donald, amasowa mzere woti awaikemo. Zipangizo zawo zonse zidali zobwera, koma zimene zinkatuluka m'zipangizomo palibe adazimvapo ku Johannesburg kapena ku London.

A Daniel Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Kwa ife a kuno ku Kanjedza, kumeneko n'kuseri kwa nyumba. Limbe wa masiku amenewo sadali wa maminibasi ndi mavenda amene mukumudziwa inuyu. Adali tauni ya njanji, fodya ndi tiyi. Likulu la sitima za pamtunda lidali komweko, fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco idalipo kuyambira 1908, ndipo tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ankadzera pomwepo m'mabokosi a matabwa popita ku doko la Beira. Ntchito zimenezi zidasonkhanitsa Amang'anja, Ayao, Alomwe, Angoni ndi Asena malo amodzi, aliyense ndi nyimbo zakwawo. Kwawo kwenikweni kwa banja la a Kachamba kudali m'mudzi wa Singano ku Chileka, kufupi ndi bwalo la ndege. Bambo awo, a James Kachamba, nawonso ankaimba gitala, kotero anawo sadayambire pa mphepo.

Kuti mumvetse za anyamatawa muyenera kudziwa kaye za ulendo umene unkadya amuna a dziko lino. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalamayo kumudzi kudalibe. Amuna zikwizikwi ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, enanso ankangodziyendera okha pansi kudzera ku Mwanza ndi Tete. Amene sadabwerere tinkawatcha matchona. Obwerera ankafika ndi sutikesi, njinga, jekete lalikulu, mawu achilendo pakamwa, ndipo amwayi ankasenzanso galamafoni ndi mbale zake. Asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene idatha mu 1945, nawonso adadza ndi zawo. Umu ndi mmene banjo ndi gitala zidafalikira m'midzi mwathu. Wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsa mawu m'Chinyanja, idathandiziranso, makamaka kuchokera mu 1949 pamene kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, m'nyengo ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banja la a Kachamba lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare. Kumeneko anawo adapeza nyimbo imene idali itagwedeza kumwera konse kwa Africa, nyimbo ya kwela.

Kwela idabadwira m'misewu ya Johannesburg. Anyamata a m'makomboni, poona m'kanema magulu a jazi a ku America akuimba ndi malipenga onyezimira amene iwo sakadatha kugula, adatola kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi, kogulidwa ndi makobiri ochepa m'sitolo, nayamba kutsanzira nako malipengawo. Adawonjezapo gitala ndi besi ya chingwe chimodzi. Mayina amene adamveka kwambiri ndi a Spokes Mashiyane ndi a Lemmy Mabaso, ndipo mu 1958 nyimbo ina ya kwela idakwera mpaka pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Dzina lenilenilo silachilendo kwa ife. M'Chizulu liwulo litanthauza chimodzimodzi ndi lathu lakuti kwera, ndipo anthu ankalitchulanso ponena galimoto ya apolisi imene inkatola anthu m'misewu pa milandu ya mapasi ndi njuga. Ndimakonda kukumbutsa ana kuti ife ndi Azulu tidayamwa bere limodzi la chilankhulo, ngakhale kuti papita zaka mazanamazana chisiyanirane.

Banjali lidabwerera ku Nyasaland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Apa mpamene nkhaniyi ikuyamba kukoma. Nthawi yomweyo ku Joni kwela idali ikuzilala. A Mashiyane eni ake adali atasiya chitoliro n'kutenga sakisofoni, makampani ojambula nyimbo adali atatembenukira ku magitala a magetsi, ndipo kudadza mbaqanga ndi simanjemanje. Eni nyimbo adaitaya ngati chovala chakutha. Koma ku Chileka kudalibe magetsi oti n'kulumikizako gitala, kudalibenso kampani youza anyamata kuti izi zatha, imbani izi. Choncho mbewu imene idauma kwawo idaphuka kuno, ndipo pophukapo idatenga fungo la dothi lathu.

Tiyeni tiziyang'ane bwino zipangizozo, pakuti luso lonse lagona pamenepo. Chitoliro cha kwela sachiimba monga adachipangira azungu, chongogunditsa pa milomo n'kuchiloza kutsogolo. Woimba amachipendeketsa cham'mbali, n'kulowetsa mutu wake wonse m'kamwa mpaka kukagunda m'tsaya, kotero kuti milomo imaphimbako pang'ono kabowo kotulukira mawu. Akatero mawu amanenepa, amamveka patali, ndipo amatha kuwapinda, kuwatsitsa ndi kuwakweza pang'onopang'ono ngati munthu wolira kapena woseka. Apa mpamene padali ufumu wa a Donald, amene adayamba kuimba chitolirochi akadali mwana wamng'ono. Besi yake idali bokosi, mtengo ndi chingwe chimodzi, imene kuno timaitcha babatoni. Woimba amakunga kapena kumasula chingwecho pokankha mtengo, ndipo mawu onse a pansi amachokera m'dzanja ndi m'khutu lake, popeza palibe chizindikiro chomuuza pogwira. M'dera la mabokosi a tiyi ngati lathu lino, chipangizo chotere sichikadavuta kupanga. Pambali pake pankakhala wogwedeza maseche.

Gitala ya a Daniel ndiyo idadabwitsa akatswiri. Gitala imabwera kuchokera ku sitolo ili ndi nsambo zisanu ndi imodzi, koma iwo ankachotsapo imodzi n'kutsala zisanu. Ankazikunga m'njira zawozawo zingapo, iliyonse ndi dzina lake, malinga ndi nyimbo imene akufuna kuimba. Poimba okha ankagwiritsa ntchito zala ziwiri basi za dzanja lamanja: chala chamanthu ndi chamkombaphala. Chamanthu chinkayenda pa nsambo zonenepa osapumira, osafulumira, osachedwa, pomwe chamkombaphala chinkadumphadumpha pa nsambo zing'onozing'ono, kulowa m'mipata imene chinzake chasiya. Womvera pa wailesi ankalumbira kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu.

Tsono ndikufunseni, adzukulu anga: kaimbidwe kotere mudakamvapo kuti? Pitani pa bwalo la gule. Mpanje umagunda mofanana kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ndipo mbalule ndiyo imayankhula ndi wovina, kumuitana, kumunyengerera, kumudula. Pitani kwa oimba mangolongondo: anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina amamenya pamene mnzake wasiya, ndipo nyimbo imene mukumva siili m'manja mwa aliyense wa iwo, ili pakati pawo. Imani pafupi ndi mtondo pamene amayi awiri akusinja: minsi siitsikira pamodzi, imalandirana. M'kuona kwanga, a Daniel adatenga nzeru yakale yolandirana imeneyi n'kuiika m'zala ziwiri za dzanja limodzi. Nyimbo zawo sizinkayenda ulendo wautali monga nyimbo za m'buku la kwaya, zoyamba apa n'kukathera uko. Zinkazungulira kagawo kafupi, kubwereza ndi kubwereza, koma ulendo uliwonse n'kusintha kanthu kakang'ono, monga momwe nyimbo ya m'kati mwa nthano imachitira agogo akamatsogolera ana n'kumavomera. Munthu wa khutu la chizungu amati akungobwereza. Munthu wa kwathu amadziwa kuti kukoma kwagona pa kanthu kakang'ono kosinthako.

Ndipo sadaime pa kwela yokha. Chilichonse chimene chidadutsa m'khutu mwawo adachigwira n'kuchipatsa dzina la pakamwa pathu. Rumba ya ku Congo ndi ku Kenya idasanduka lumba. Padali sinjonjo, padali sabasaba, padali simanjemanje, padalinso hauyani, kaimbidwe kotsetsereka pa nsambo kamene dzina lake lidachokera ku zilumba za Hawaii. Mawu a nyimbo zambiri adali m'Chichewa, ndipo nkhani zake zidali zomwe zija za pamtondo ndi pa bwalo la bawo: mabodza a anthu, nsanje, maukwati osalimba, umphawi, imfa. Nyimbo ina a Daniel adaitcha Maliro a Kachamba, kuimba za maliro awo eni ake akadali moyo. Zimenezi si za jazi wa ku America. Ndi mwambo wa woimba bangwe, amene amakhala pansi yekha n'kumadandaula za moyo wake, kudzitchula dzina, anthu n'kumamvera ali chete. Tizikumbukiranso kuti kuyambira 1968 kudali lamulo lounika nyimbo, mabuku ndi makanema, ndipo woimba wanzeru m'masiku amenewo ankadziwa kuphiphiritsa. Luso lophiphiritsa silidabwere ndi gitala. Amayi athu adali nalo kalekale pa mtondo, podzudzula mwamuna kapena apongozi popanda kutchula dzina.

Musaganize kuti anthu ankawaombera m'manja monga timachitira ndi oimba a lero. M'masiku amenewo mnyamata woyenda ndi gitala pa phewa ankatengedwa ngati wosokonekera, munthu wa m'mabala ndi m'mashabini, woti kholo silingamupatse mwana wake wamkazi. Kusukulu phunziro la nyimbo lidali la do re mi ndi nyimbo za kwaya. Kutchalitchi gitala idalibe malo. Oteteza miyambo nawo ankati izi n'za matchona. Oimba otere adakanidwa mbali zonse ziwiri: kwa ophunzira adali achimidzi, kwa akumudzi adali achitauni. Bwalo lawo lidali msewu, msika ndi pa mowa, ndipo malipiro awo adali makobiri ndi matiki oponyedwa pansi, pakuti kwacha ndi tambala zidadza mu 1971.

Mu msewu momwemo, mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 1967, ndi mmene adakumana ndi a Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria. Mkuluyu adali atayenda kale m'maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo, ndipo iye mwini adali woimba jazi. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chimene ife tinkachidutsa ngati phokoso la ana, iye adachimva kuti ndi luso lozama. Adawatsatira mpaka ku Singano, nawajambula mawu ndi kanema, nalemba mmene ankakungira nsambo ndi mmene ankagwirira chitoliro. Mu 1972 a Daniel adakwera ndege kukaimba ku Ulaya, ndipo mu 1974 yunivesite ya Zambia idasindikiza m'Chingerezi buku la a Kubik lofotokoza za gulu la abale awiriwa. Taonani bwino pamenepa: buku lonena za ana a ku Chileka, wolemba wa ku Austria, osindikiza a ku Lusaka. Ife eni ake tidadzidzimuka pambuyo, titamva kuti kunja akuwalemekeza, ndipo mpamene dzina lakuti Dokotala Daniel Kachamba lidakhazikika pakamwa pa aliyense, nyimbo zawo n'kumamveka pa wailesi ya MBC m'nyumba zomwe zija zinkanyoza gitala.

Sindikunena izi ponyoza mlendoyo, ayi. Iye sadachite monga ena amene amajambula n'kupita osabweranso. Adakhala mnzawo wa banjali kwa zaka makumi angapo, ndipo adalowa m'gulu la a Donald n'kumaimba nawo chitoliro chachikulu chija amati clarinet, mzungu wophunzira kwambiri kutsogoleredwa ndi mnyamata wa kumudzi. Gulu limeneli lidayenda m'maiko ambiri a mu Africa, ku Ulaya ndi ku South America. Chodandaulitsa changa chili pa ife: n'chifukwa chiyani timadikira kuti wina atiuze kuti chathu n'chokoma?

Tibwerere ku funso lathu lija. Amene amati gitala singakhale ya makolo aiwala mmene makolowo ankachitira. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi, sadatseke chitseko pamene alendo adafika. Pa bwalo padatulukira Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, padatulukira Maliya, padatulukira ngakhale galimoto. Sindipitirira apa, eni dambwe angandiimbe mlandu, koma zimene ndatchulazi aliyense woonerera adaziona. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, beni wa ku Mangochi ndi mganda wa m'chigawo chapakati adachokera pa perete wa asilikali, ndipo lero palibe amakana kuti ndi magule athu. Nanga nsima? Chimanga chidachokera ku America, chidafika kuno kudzera kwa amalonda a kunyanja yamchere, ndipo makolo akalekale ankadya mapira ndi mawere. Komabe uzani Mmalawi kuti nsima ya chimanga n'chakudya cha alendo, muone mmene akuyang'anireni. Makolo athu sankafunsa kuti chinthu chachokera kuti. Ankafunsa ngati chingavinike ndi miyendo yathu ndi kuyankhula ndi pakamwa pathu. Chikatero ankachilandira, n'kuchiumba mpaka mwini wake osachizindikiranso.

Pali kusiyana, komabe, pakati pa kuumba ndi kungotsanzira, ndipo apa ndi pamene ndimasemphana ndi ena mwa achinyamata. Iwo amati: ngati a Kachamba adatenga za ku Joni, ifenso tilekeni titenge za ku Lagos ndi ku Kingston. Tengani ndithu, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma a Kachamba potenga adali ndi poika. M'khutu mwawo mudali kale ng'oma, mtondo ndi nthano, kotero chobweracho chidapeza eni nyumba. Mwana amene sadamvepo mbalule, sadavomerepo nthano ndi tilitonse, akatenga nyimbo ya ku Lagos imakhalabe ya ku Lagos, kungoti yaimbidwa moperewera. Ena amati tsabola wakale sawawa. Amene amatero sadamvepo chala chamanthu cha a Daniel chikuyenda.

A Daniel Kachamba adamwalira pa 25 Julaye 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Bungwe la COSOMA, lotolera oimba ndalama nyimbo zawo zikaulutsidwa, lidakhazikitsidwa mu 1992, iwo atagona kale zaka zisanu. A Donald adapitiriza ntchito, naphunzitsa ana a m'mudzi kuimba chitoliro ndi babatoni. Mu 1999 adaitanidwa ku yunivesite ya California ku Los Angeles kukaphunzitsa ophunzira a kumeneko kaimbidwe ka kwela. Taganizani: nyimbo imene idayamba ndi ana a ku Joni potsanzira jazi wa ku America, idabwerera ku America komweko itadzera ku Chileka, mphunzitsi wake ali Mmalawi. Adamwalira mu Januwale 2001, ndipo anzawo ndi ophunzira awo adapitiriza gululo m'dzina lawo.

Chileka sidagone. Dera lomwelo lidatulutsa a Robert Fumulani ndi gulu lawo la Likhubula River, kenaka a Evison Matafale, amene adamwalira mu Novembala chaka chomwecho cha 2001, ndi gulu la Black Missionaries, amene adachita ndi rege ya ku Jamaica zofanana ndi zimene a Kachamba adachita ndi kwela. Ku Thyolo kudali a Allan Namoko, wosaona, ndi banjo yawo. Babatoni, imene ambiri ankaiyesa choseweretsa cha ana osauka, yafika pa mabwalo akuluakulu a ku Ulaya m'manja mwa anyamata awiri a Madalitso Band ochokera ku Lilongwe.

Wofuna kumva mawu oyambirira a abale awiriwa, aja a mu 1967 a Donald akadali mnyamata, adziwe kuti matepi a a Kubik adasungidwa ku Vienna, m'nyumba yosungira mawu imene idakhazikitsidwa mu 1899. Kuno kwathu, a Moya Aliya Malamusi, amene ankaimba nawo m'gulu la a Donald, adayambitsa mu 1989 ntchito yosonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo zakale ku Singano komweko. Zina mwa nyimbo ndi makanema a a Daniel zilinso pa YouTube, ndipo inu adzukulu mumadziwa kuzifufuza kuposa ine. Mukazipeza, koyamba mverani nyimbo yonse monga mwa masiku onse. Kachiwiri musamvere mawu, tsatirani nsambo yonenepa yokha, ndipo muziomba m'manja pamodzi nayo. Kachitatu muitane mnzanu, iye aombe pamene pakulowa nsambo yaing'ono, inu musasunthe pa yanu ija.